Njinga Ipite, Inu Mukafike Kunyumba

[NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Moni kwa inu a kwa Kabudula, a ku Nsaru, a ku Namitete, a ku Mpingu ndi a ku Nambuma. Moni wapadera kwa inu achimwene amene mukundimvera pafoni muli pasiteji, mwendo wina pansi wina papedulo, mukudikira kasitomala womaliza. Lero tikamba za munthu wapanjinga akakumana ndi achifwamba panjira, zoti achite asananyamuke, zitamugwera, ndiponso zitatha.

Ndiyambe ndi nkhani ya pabanja pathu, chifukwa ndi imene yandichititsa kusankha mutu umenewu.

Amalume anga, alongo awo a mayi, ndi mlimi ngati ambiri a inu. Chaka china mwezi wa June ananyamula matumba awiri a soya, n'kuwamanga pakaliyala ndi malegeni, ulendo wa pa Nsaru kwa mavenda. Atagulitsa, ndalama anaziwerengera pasikelo pomwepo anthu akuona, n'kuzipinda, n'kuika m'thumba la malaya. Anakhalako pang'ono m'tiyirumu ndi anzawo, ndipo mukudziwa mmene dzuwa la June limathamangira. Ponyamuka n'kuti kumadzulo kutafiira kale. Njira ya kwathu imatsetserekera kudambo, pomwe pali mchenga woti wapanjinga aliyense amachepetsa liwiro, bango uku bango uku. Pamenepo ndi pamene mtengo unalowa m'masipoko a tayala la kutsogolo. Anagwa chamutu kudumpha mahandulo. Podzuka anaona anthu awiri, wina atagwira kale kaliyala. Amalume anagwira mahandulo ndi manja onse awiri, n'kuyamba kulimbirana. Chikwanje chinatera padzanja lamanzere. Njinga inapita, ndalama zinapita, ndipo zala ziwiri mpaka lero sizipinda. Khasu amagwira movutikira, fodya osoka amachita kuwasokera.

Nditakawaona kuchipatala ndinawafunsa kuti, amalume, bwanji simunangowasiyira? Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, chikwanjecho sindinkachiona. Ndinkangoona njinga. Ngongole yake kubanki mkhonde ndinali ndisanamalize."

Mawu amenewa ndimawamvetsa, ndipo sindikufuna wina aganize kuti ndikupeputsa njinga. Kuno kwathu njinga imasenza mabelo a fodya, imapita kuchigayo, imanyamula mayi woyembekezera usiku kupita naye kuchipatala cha Kabudula, imalipira fizi ya mwana. Kuyambira pomwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, njinga yatsopano, tayala, chubu, ngakhale tcheni, zonse zinakwera mtengo moti munthu akaberedwa amatha chaka kapena kuposerapo akuyenda wapansi. Ndiye ndikamati siyani njinga, ndikudziwa kulemera kwa chimene ndikukupemphani. Koma ndinaona ndi maso anga kuti amalume anataya zonse ziwiri, njinga ndi dzanja, pamene akanatha kutaya chimodzi.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tiyeni tione mmene anthu amenewa amagwirira ntchito yawo, chifukwa sabwera mwangozi. Wakuba wa panjira amasankha malo, amasankha nthawi, amasankhanso munthu.

Malo ake ndi aja amene inu simungathamange: pokwera chitunda pamene mwatsika n'kumakankha, pamchenga wa padambo, pakamlatho kamitengo, pokhota njira pafupi ndi nkhalango ya kumanda, ndi pakati pa minda kuyambira February mpaka April chimanga chitatalika kuposa munthu. Nthawi yake ndi chisisira ndi mbandakucha, makamaka miyezi imene ndalama zikuyenda, msika wa fodya ku Kanengo utatsegulidwa, mavenda a soya ndi mtedza atapachika masikelo pamsika uliwonse. Ndipo munthu amene amusankha nthawi zambiri amakhala kuti anamuona kale masana. Amene anaimirira pambali panu pasikelo, amene anamva mukuuza mnzanu pamowa kuti fodya wanga wayenda bwino, ameneyo akhoza kungoimba foni kwa anzake ali kutsogolo. Masiku ano wakuba sachita kukutsatirani pambuyo. Foni imafika kudambo inu musanakwere n'komwe njinga.

Njira zawo ndi zodziwika. Ena amamanga chingwe kapena waya kudutsa njira, m'khosi mwa wapanjinga kapena m'munsi mwa tayala. Ena amagoneka chipika. Ena amaponya mtengo m'masipoko monga anawachitira amalume. Ena amakhala pambali pa njira atagadabuza njinga yawo, n'kukuimitsani mwaulemu kuti, akulu, tabwerekeniko pampu. Apa mtima umavuta, chifukwa tinaleredwa kuti munthu wovutika panjira sumudutsa. Ine sindikuti tisiye kuthandizana. Masana, pamsewu wa anthu, imani muthandize. Koma kukada, muli nokha, pamalo opanda nyumba, pitirirani mpaka pa nyumba yoyamba, mukauze eni mudzi kuti kumbuyoku kuli munthu wavutika, mubwerere muli atatu. Ngati ndi woona mtima mumupeza. Ngati si woona mtima mupeza palibe.

Chimodzimodzi mukaona chipika kapena nthambi zitapingasa njira imene m'mawa inali yoyera. Musatsike kuti muchotse. Munthu wowerama ndiye amene akumufuna. Tembenukani muli patali, bwererani kumene mwachokera, ngakhale zitanthauze kukagona kwa achibale.

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Inu amene mumanyamuka 3 koloko m'mawa ndi nkhuni, tomato kapena nkhuku kulowera mumzinda wa Lilongwe, kaya kudzera msewu wa Mchinji kaya wa Kasiya, panganani dzulo lake. Nyamukani anayi, asanu, ndipo musatayane. Vuto limene ndimaliona ndi lakuti gulu limanyamuka limodzi koma wamphamvu amatsogola, wokalamba kapena wolemedwa katundu n'kutsala yekha kumbuyo. Wotsalayo ndiye amagwidwa. Liwiro la gulu likhale la munthu wofooka pa onse, ndipo wina likamuphwera tayala onse aime.

Za ndalama. Pa Nsaru, pa Namitete, pa Mpingu pali maejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba. Mukagulitsa mbewu, ikani ndalama zambiri mufoni musananyamuke. Inde, potapa amadula kangachepe, koma yerekezani kangachepeko ndi thukuta la chaka chonse. Nambala yanu yachinsinsi isakhale chaka chimene munabadwa, ndipo musailembe kuseri kwa foni. M'thumba la malaya musiyemo zochepa, ma K1,000 kapena ma K2,000 angapo, zoti munthu akakupanikizani mutulutse msanga, aone kuti wapeza kanthu, azipita. Wakuba amene wapeza thumba lopanda kanthu amakwiya, amayamba kukuvulani ndi kukumenyani kuti muulule pomwe mwabisa.

Kwa achinyamata, chotsani zomvera m'makutu mukamapalasa kukada. Khutu ndi limene limayamba kumva udzu ukuphwanyika kapena mapazi akuthamanga kumbuyo. Ngakhale pulogalamu inoyi, ngati mukuimvera mukupalasa mumdima, ndikupempha muzimitse, anzanu akufotokozerani mawa. Mangirirani tochi pamahandulo kuti muone chingwe chisanakupezeni, komanso kuti galimoto za pamsewu wa Mchinji zikuoneni. Mabuleki ndi tcheni zikhale zabwino, poti tcheni yoduka pachitunda usiku imakuimitsani pomwe simunafune. Ndipo mowa ndi njinga ya usiku siziyendera limodzi, izi sindichita kutalikitsa.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tsopano ndilankhule ndi inu akabaza, a njinga zakapalasa ndi zamoto zomwe. Ntchito yanu ili ndi vuto limene ntchito zina zilibe: munthu amene simukumudziwa amakhala kumsana kwanu, manja ake ali omasuka, anu ali pamahandulo. Simuona chimene akutulutsa m'jekete. Choncho chitetezo chanu chonse chili pasiteji, musanamukweze.

Kasitomala wa usiku amene sakunenerera mtengo, mwatchula ndalama yokwera iye n'kungoti tiyeni, muzimukayikira. Munthu wa kuno amanenerera. Kayikiraninso amene akukana kukwerera pagulu, akuti mukanditengere kuseri kwa sitolo uko. Amene wanyamula chinthu chachitali chokulunga m'thumba. Amene mukuyenda akungoimba foni n'kumati tadutsa pachigayo, tatsala pang'ono kufika pamlatho. Amene anati akupita mudzi wakuti koma pakati panjira akuti khoterani uku. Amene akufuna kutaya madzi pamalo opanda nyumba. Chimodzi mwa izi pachokha sichitanthauza kuti munthuyo ndi wakuba, koma zikakumana ziwiri kapena zitatu, mverani mtima wanu.

Ndiye mutani muli kale panjira? Musamuonetse kuti mwamudziwa cholinga. Pitirizani kucheza naye mpaka pa golosale, pa nyumba yoyaka nyale kapena pomwe pali anthu, muime n'kunena kuti tayala laphwa, kapena mafuta atha, sinditha kupitirira. Ndalama yake mubwezereni. Akatukwana, atukwane.

Ndikupempha matcheyamani a masiteji onse kuti mukhazikitse lamulo limodzi losavuta. Dzuwa likalowa, wakabaza asanyamuke osauza mnzake kumene akupita, ndipo kasitomala aonedwe nkhope ndi anthu awiri kapena atatu. Ulendo wautali wa usiku mupite njinga ziwiri. Kasitomala wabwino sadandaula nazo izi, amakondwera, chifukwa nayenso amaopa. Tisaiwale kuti alipo amayi amene amachita mantha kukwera kabaza usiku poopa woyendetsayo. Mabibu okhala ndi nambala ndi kaundula wa mayina pasiteji zimateteza wokwera ndi woyendetsa yemwe.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tifike pamene pali povuta. Mwachita zonse, koma zakugwerani. Anthu ali patsogolo panu ndi zikwanje.

Ngati mwawaona muli patali ndipo njira yobwerera ilipo, tembenukani mupalase ndi mphamvu zonse uku mukukuwa. Ngati akutsekerani, tsikani mbali yoti njinga ikhale pakati pa inu ndi iwo. Felemu ndi matayala zikhale mpanda wanu. Manja aoneke. Lankhulani mofatsa: tengani, musandivulaze. Kankhirani njinga kwa iwo, ndalama muponye pansi chapatali, ndipo iwo akamawerama kutola, inu thawirani kumene kuli nyumba, osati kutchire. Mukatalikirako ndiye kuwani ndi mawu onse, wakuba, wakuba, ndipo tchulani malo kuti omva adziwe kothamangira. Wenzulo ya m'khosi imamveka kutali kuposa mawu a munthu amene wagwidwa ndi mantha, ndipo ndi yotsika mtengo.

Chinthu china ndikufuna muchisunge bwino. Nthawi zambiri wakuba wa panjira za kumudzi si mlendo. Mukhoza kuzindikira mawu ake, kayendedwe kake, ngakhale nkhope. Musamutchule dzina. Musanene kuti ndakudziwa iwe, ndiwe mwana wa uje. Mawu amenewo amasandutsa wakuba kukhala wakupha, chifukwa tsopano akuopa kuti mukamuulula. Yang'anani pansi, sungani mumtima zimene mwaona, chipsera, nsapato, msinkhu, kumene alowera. Dzinalo mukalitchulire kupolisi.

Akakugwetsani n'kuyamba kumenya, dzipindeni, mawondo pamimba, chibwano pachifuwa, mikono itaphimba mutu ndi khosi. Mkono wothyoka umalumikizika kuchipatala. Mutu ndi wovuta.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga kudziteteza kuli pati ngati zonse ndi kupereka ndi kuthawa? Ilipo nthawi yomenya. Ngati mwapereka zonse koma munthu akukukokerani m'chimanga kapena kutchire, akufuna kukumangani, kukugwiririrani, kapena mwaona kuti cholinga chake ndi moyo wanu, pamenepo musalole kuchoka panjira. Limbanani ndi chilichonse muli nacho. Chigongono kumphuno, zala m'maso, bondo pakati pa miyendo, mano padzanja limene lakugwirani, pampu, mchenga kumaso. Cholinga ndi chakuti dzanja lake limasuke kamphindi kuti muthawe. Likamasuka musaime kuti mumalize ndewu. Malamulo a dziko lino amalola munthu kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi choopsa chimene wakumana nacho, koma salola kuthamangitsa munthu amene akuthawa n'kukamupha.

Ena amayenda ndi mpeni m'chiuno poganiza kuti ndiye chitetezo. Ine ndimawaletsa. Achifwamba amayenda awiri kapena atatu, ndipo anakonzeka kale, pamene inu mwadzidzimuka, mwina mwagwa kumene. Mpeni umene mwatulutsa umawauza kuti tsopano ndi nkhondo, ndipo kawirikawiri umathera m'manja mwawo.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Zitatha, choyamba ndi thupi. Bala lotuluka magazi likanikizeni mwamphamvu ndi chitenje kapena malaya oyera, osachotsachotsa kuti muone. Nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba. Musathire dothi, phulusa, kapena mafuta a mabuleki. Munthu amene wamenyedwa m'mutu, ngakhale akuyenda yekha n'kumati ndili bwino, apite kuchipatala, makamaka akayamba kusanza, kusinza, kusokoneza mawu, kapena kutuluka magazi m'khutu. Musamupatse mowa kuti alimbe mtima. Chipatala cha Kabudula chilipo, cha St Gabriel ku Namitete chilipo, ndipo zikakula amatumiza ku Kamuzu Central. Bala la chikwanje limafunanso jakisoni wa kafumbata. Munthu akutaya magazi, yambani kuchipatala, wachibale wina ndiye athamangire kupolisi.

Kwa amayi ndi atsikana amene mumapalasa kupita kuchigayo, kumsika kapena kusekondale yoyendera, ndi kwa makolo awo: ngati wachifwamba wagwiririra munthu, afike kuchipatala asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi, ndipo kufulumira ndiye kwabwino koposa. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza kumene nkhani imamvedwa mwachinsinsi. Manyazi ndi a wochitayo. Mwana wanu akakuuzani, musamukalipire kuti unachedweranji.

Foni ikapita, bwerekani ya mnzanu mudziwitse kampani kuti atseke nambala yanu, ndipo mawa lake mupite ndi chiphaso cha unzika kukabwezeretsa. Kenako kanenani kupolisi ndi kwa amfumu, ngakhale mukuona ngati njinga sipezeka. Ambiri amangoti zapita zapita. Koma anthu asanu akaberedwa padambo limodzi onse n'kukhala chete, apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi sadziwa kuti pamenepo pavuta. Ndipo mlandu uwu si waung'ono. Gawo 301 la malamulo a milandu, aja a Penal Code, limati kuba moopseza chilango chake chimafika zaka 14, ndipo ngati wakubayo anali ndi chida, anali ndi anzake, kapena anavulaza munthu, chikhoza kufika pa kukhala kundende moyo wonse, ngakhale kuposa apo.

Pali funso limene ndakhala nalo chivulalireni amalume. Njinga yawo ija inapita kuti? Wakuba sanaidye. Anaigulitsa, yathunthu kapena ataiphwasula, limu payokha, habu payokha, chishalo pachokha. Ndipo anagula ndi munthu ngati ine ndi inu, amene anaona mtengo wotsika n'kusankha kusafunsa. Tikamagula njinga ya theka la mtengo kwa munthu wopanda lisiti, amene akufuna ndalama lero lomwe, ndife amene tikulipira chikwanje chija. Gawo 328 la malamulo omwewa limati kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba ndi mlandu. Inu okonza njinga pansi pa mitengo m'misika yathu, ndinu amene mumadziwa njinga za dera lonse kuposa wina aliyense. Munthu akabwera ndi felemu yopalidwa nambala kapena yopakidwa penti yatsopano dzulo, mukudziwa chimene mukuona.

Ndinenenso za mkwiyo. Wakuba akagwidwa, anthu amene anaberedwapo amabwera ndi miyala, ena ndi petulo. Ululu wawo ndikuudziwa, pabanja pathu unatifika. Koma gulu silifufuza. Mdima womwe unabisa wakuba umachititsanso kuti muloze munthu wolakwika, mlendo wongodutsa kapena wodwala misala. Ndipo amene waponya mwala wakupha amayankha mlandu wakupha, ana ake n'kutsala okha. Wakuba wamoyo akhoza kuulula anzake ndi kumene amagulitsa njinga. Mumangeni, mumupereke kupolisi, mboni zipite kukhoti osatopa.

Ndondomeko ya chitetezo cha m'madera inayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo m'midzi yambiri makomiti ake alipo, kungoti ena anagona. Mafumu athu, ndikupempha mwaulemu, pamsonkhano wotsatira muwadzutse. Anthu atchule malo amene akuwaopa, ndipo tsiku lachitukuko tikatchetche udzu ndi bango m'mbali mwa njira pamalo amenewo. Pa dambo la kwathu lija anthu anatchetcha amalume atavulala kale.

Nthawi yatha, koma ndikusiyireni ntchito ya mawa m'mawa kukacha. Gadabuzani njinga yanu, mupukute matope pansi pa felemu, paja pamazungulira mapedulo. Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pamenepo, zina ili pansi pa chishalo kapena pafupi ndi tayala la kumbuyo. Ilembeni m'buku limene mumasunga bwino, pamodzi ndi mtundu wa njingayo ndi chizindikiro chimene mukuchidziwa nokha, monga pamene munawotcherera kaliyala. Amene muli ndi foni yojambula, ijambuleni mutaima pambali pake. Lisiti muisunge kunyumba, osati m'kachikwama ka pansi pa chishalo. Tsiku limene apolisi adzagwire njinga khumi n'kuitana eni ake, adzakufunsani kuti yanu mukuidziwa bwanji.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kuyenda panjinga pamsewu wa tala pakati pa malole ndi maminibasi. Amene mudakali panjira, fikani bwino. Amene muli kunyumba ndipo wina sanafike, muimbireni foni mumve pamene ali.

[NYIMBO YOTSEKERA]